Mafuta pa Chidendene

Ndinakwatiwa kuno ku Tsangano kuchokera ku Chidzolomondo, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira kuno ndi kuzizira. Kwathu kumazizira ndithu, koma kuno mwezi wa Junyu mphepo imalowa mpaka m'mano. Ana masaya amang'ambika, akuluakulu zidendene zimachita ming'alu yolowa mchenga. N'chifukwa chake nyumba iliyonse, ngakhale yosowa mchere, imakhala ndi kabotolo ka vazelina. Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, kawo amakasunga pamwamba pa khoma, ndipo kwa iwo mwana wosadzola ndi mwana wopanda mwini.

Mwana wanga anabadwa nyengo yozizira imeneyo. Ndi wamkazi, woyamba.

Ndili ndi pakati, kuchipatala anandiyeza magazi nandiuza kuti ndili ndi kachilombo ka HIV. Sindinalire pamenepo. Ndinangoyang'ana nsapato za amene ankandiuzawo mpaka anamaliza kulankhula. Amuna anga atapita kukayezetsa anapezeka nakonso. Tinayamba kumwa mankhwala tonse awiri, ndipo iwo anandipempha chinthu chimodzi, kuti amayi awo asadziwe.

"Akadziwa amayi, wadziwa mudzi wonse ndi ng'ombe zomwe," anatero.

Mwanayo atabadwa, anandipatsa mankhwala amadzi oti ndizimumwetsa tsiku lililonse, nandiuza kuti akakwana mwezi ndibwere naye adzamuyeze ngati kachilomboko kanamulowa kapena ayi. Apongozi ndinawauza kuti mankhwalawo ndi opatsa mphamvu. Mwezi umenewo sindinaukhale ngati mayi wosangalala. Ndikamayamwitsa ndinkayang'ana kukhosi kwake kukumeza, n'kumadzifunsa kuti kodi ndikumupatsa chiyani. Akayetsemula, mtima unkandithawa. Akagona nthawi yaitali ndinkamugwedeza, akalira n'kumadziimba mlandu kuti ndamudzutsiranji. Anthu ankabwera kudzaona mwana, kumati wafanana ndi bambo ake mphuno, ine n'kumaseka nawo mano okha.

Tsiku lopita kuchipatala litafika, amuna anga anati ali ndi mbatata yoti akumbe kudimba. Mbatatayo ikanatha kudikira. Ndikuganiza kuti nawonso ankaopa. Ndinkati ndipita ndekha, koma apongozi anati apita nawo, akagulitsa kachewere pamsewu wa pafupi ndi chipatala. Ine sindidziwa kukaniza munthu wamkulu. Ndinangoti, "Chabwino, amayi."

Mwana anamusambitsa okha m'mawa umenewo. Atamupukuta anatsitsa kabotolo kaja n'kuyamba kumudzoza. Anayamba paliwombo, kenako masaya, m'khosi, m'khwapa, mimba, mpaka anafika kumapazi. Mapaziwo anawadzoza, anabwerezanso, akulowetsa chala pakati pa tizala.

"Pamota mphepo imayambira kumapazi," anatero, akunena njinga yamoto imene tinkati tikwere. "Komanso mwana wa m'nyumba ino sapita pagulu ali mbuu ngati wagwa m'phulusa. Anthu angati agogo ake anamwalira."

Mafuta otsala pachala anandipaka ine kumanja. Anamuveka timasokosi, ine n'kumukulunga m'bulangete n'kumubereka ndi nsalu ya kapulana. Tinakwera mota tonse, thumba la kachewere lili patsogolo pa woyendetsa. Njira yonse apongozi ankakangana naye za maenje a mumsewu. Ine ndinkangomva kutentha kwa mwana kumsana, n'kumaganiza kuti pobwerera ndidzakhala ndikudziwa.

Apongozi anatsikira pamsewu ndi thumba lawo. Ine ndinalowa m'chipatala n'kukakhala pabenchi ya pafupi ndi chitseko chakumapeto. Chitseko chimenecho aliyense amadziwa kuti n'chachiyani, ngakhale palibe amene amanena. Ndinakoka mpango mpaka pachipumi. Pambali panga panali mayi wina wamkulupo, ali ndi kamnyamata konenepa pamiyendo, akusenda nzimbe ndi mano.

"Wa mwezi?" anandifunsa.

Ndinavomera ndi mutu.

"Muli ndi mwayi, amwali. Masiku ano kuli makina, yankho mumapita nalo lero lomwe. Woyamba wanga anamudonthezera magazi papepala, pepalalo n'kupita ku Tete. Tinadikira mpaka chimanga chinacha. Yankho linabwera ife titaika kale maliro."

Ananena ngati akunena za mvula. Analavula makoko a nzimbe m'dzanja, n'kumenya kamnyamata kaja pamimba. "Uyu ndiye ali bwino. Taonani nkhokweyi."

Ndinakokera bulangete pamutu pa mwana wanga.

Atandiitana ndinalowa. Munali anamwino amodzi, amene anthu amangowatchula kuti enfermeira, mayi wamkulu thupi, atavala juzi pamwamba pa zoyera zawo. Amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi, mokweza, ngati munthu ali kutsidya kwa mtsinje. Patebulo panali makina aang'ono ngati wailesi yakale.

"Bom dia, mayi. Khalani apo. Mankhwala mukumumwetsa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Inuyo anu mukumwa?"

Ndinavomeranso ndi mutu.

"Lilime mwalisiya kunyumba likuyang'anira nkhuku?"

Ndinayesa kuseka koma sizinatheke. Anang'amba kapepala konyezimira n'kutulutsa kanthu ka pulasitiki kophwatalala, kokula ngati bokosi la machesi. Anati dzina lake ndi kartushu. Pambali pake panali kakamwa kakang'ono, ndipo anati magazi alowera pamenepo, kenako kartushuko kalowa m'makina. Anandiuza kuti ndimuvule mwana sokosi. Anapukuta chidendene ndi thonje lonunkha mankhwala, n'kubaya.

Mwana anayamba wakhala chete ngati akudabwa, kenako anakuwa. Pachidendene panatuluka dontho la magazi, lozungulira bwinobwino ngati mkanda wofiira. Silinayenderere, linangokhala pomwepo likunyezimira. Anamwino anagunditsa kakamwa ka kartushu pa dontholo. Ndinaona kufiira kukulowa pang'ono chabe, kutalika kwake ngati njere ya mpunga, n'kuima.

Anapendeketsa kartushu kaja. Anakagogoda ndi chikhadabo. Anafinya chidendene, dontho lina linatuluka, anagunditsanso. Kufiira kuja sikunasunthe.

"Hii," anatero. "Akukana."

Anayang'ana phazi la mwana, anayang'ana zala zawo, n'kutsonya. Anaika thonje pabala, anandiuza kuti ndigwire, anatenga makiyi m'thumba n'kutuluka. Pakhomo anangoti, "Dikirani pomwepo."

Ndinatsala ndekha ndi mwana akulira.

Ine sukulu ndinalekeza terseira, kalasi yachitatu, ndipo za m'magazi ndimadziwa zimene ndinamva pachitsime. Pachitsime amayi amanena kuti magazi a munthu wa kachilombo amakhala akuda ndi olemera, sayenda ngati a anthu ena. Kale ndinkangomva n'kutunga madzi anga. Koma m'chipinda muja mawu amenewo anabwerera onse. Kartushu kanali patebulo, kufiira kuja kutaima pakhomo pake, ndipo ine ndinaona kuti nkhani yatha. Kanthu kopangidwa kuti kazilandira magazi kakana magazi a mwana wanga. Sipafunikanso makina. Anamwino aona, ndipo apita kukaitana wina woti adzandiuze, chifukwa uthenga wotere sanena munthu mmodzi.

Ndinayang'ana mwana. Anali atasiya kukuwa, akungosisima, kamlomo kakunjenjemera. Ndinaganiza za kabokosi ka maliro. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinaganiza za matabwa amene ali kuseri kwa khola la ng'ombe, amene amuna anga anati adzapangira chitseko, n'kuona kuti thabwa limodzi lokha lingakwane. Ndinaganiza za pepala la mayi wa nzimbe uja likubwera kuchokera ku Tete. M'makutu munayamba kulira ngati muli njuchi.

Kenako ndinaganiza kuti ngati sanandiuze, ndiye kuti sizinachitike. Ndikatuluka tsopano, ndipita kunyumba ndi mwana yemwe ndinabwera naye. Ndinaimirira, ndinamuponya kumsana, ndinamanga kapulana, mfundo inakana, ndinamanganso. Sokosi imodzi inagwa pansi, sindinaitole. Nditafika pachitseko ndinasuzumira pawindo kuti ndione njira, ndipo ndinaona apongozi akulowa pageti, thumba atalipinda m'khwapa, akufunsa anthu ndi dzanja. Kachewere anali atatha msanga tsiku limenelo.

Kutsogolo kunali apongozi, kumbuyo kunali kartushu. Ndinangoima pakati, dzanja lili pachitseko.

Chitsekocho chinatseguka chokha n'kundigunda paphewa. Anali anamwino aja. Sanabwere ndi munthu. Anabwera ndi beseni la madzi otuluka nthunzi, sopo, ndi kapepala kena konyezimira atakapana m'khwapa.

"Ulendo wa kuti, mayi? Mota ikukusiyani?"

Mawu anatuluka aang'ono, ine ndemwe sindinawamve bwino.

"Mwati chiyani?"

"Magazi ake ndi oipa?"

Anayamba kuseka, koma atandiyang'ana kumaso analeka. Anaika beseni pansi, anatseka chitseko ndi phazi.

"Ayi, ayi, kalma, mtima pansi. Khalani pansi. Masulani mwanayo. Ndani wakuuzani zimenezo?"

"Mwati akukana."

"Eya, akukana. Koma wolakwa si magazi." Anagwira phazi la mwana, anapaka chala chawo chachikulu pachidendene n'kundionetsa. Chalacho chinkanyezimira. "Ndani wamudzoza chonchi, ngati nkhuku yopita pamoto?"

"Agogo ake."

"Ndinadziwa. Agogo a kuno ndi vazelina, ukwati wake sutha. Ine ndapukuta ndi thonje, koma awa anamata ngati akuzira nyumba. Thonje silichotsa onse."

Sindinamvetse, ndipo anaona kuti sindinamvetse. Anatenga kartushu koonongeka kaja n'kukakweza kuwindo.

"Bwerani pafupi. Mukuona timizere timeneti?"

Ndinaona. M'kati mwa pulasitiki munali tinjira tating'ono, towonda ngati tsitsi, tina toongoka, tina tokhota, kamodzi kokathera pa kachipinda kozungulira.

"Timeneti sanatidule ndi mpeni. Kumaphunziro anatiuza kuti amagwiritsa ntchito kuwala, kuwala kowonda kuposa singano koma kotentha, amati laser. Kumayenda pamwamba pa pulasitiki n'kumakanda, timikwingwirima tosaoneka ndi maso. Akakanda mwa mtundu wina, pamalopo pamakoka madzi. Akakanda mwa mtundu winanso, pamakana madzi. Ndiye m'kati mwa kanjira amakanda pokoka, m'mbali ndi pothera amakanda pokana. Magazi safuna wowakankha. Amangotsata pamene pakuwakoka, akafika pokana amaima. Tsopano inu mwabwera ndi mafuta anu, mafutawo alowa limodzi ndi dontho loyamba, amata pakhomo. Pokoka paja pasanduka pokana. Magazi a ine, a inu, a abusa a kutchalitchi kwanu, onse akanaima pomwepa."

Anaviika chala m'beseni n'kudonthezera madzi kuseri kwa dzanja langa, pamene apongozi anandipaka m'mawa. Dontholo linakhala lozungulira, nditapendeketsa dzanja linagubuduka n'kugwa, osasiya chinyezi. Anadonthezeranso pa simenti ya pawindo. Pamenepo linafalikira nthawi yomweyo n'kulowa.

Zimenezo ndinazidziwa. M'mawa kudimba mame amakhala patsamba la kabichi ngati mikanda, ukagwedeza amagwa onse tsamba n'kutsala louma, pamene tsamba la nyemba limanyowa lonse. Ndipo tikamathirira mbatata timatsegula ngalande ndi khasu, madzi n'kumatsata okha mpaka kumapeto kwa mzere, ukaika chibuma amaima. Sindinadziwe kuti munthu angachite zomwezo m'kanthu kolowa m'dzanja, ndi kuwala m'malo mwa khasu. Mpweya unayamba kulowa m'chifuwa mwanga.

"Ndiye kuti alibe?" ndinafunsa.

Anamwino anatsitsa kartushu kaja n'kukaponya m'kabokosi ka zinyalala.

"Sindinanene choncho, mayi. Ndanena kuti sitinayeze."

Mantha aja anabwerera pamalo pake, ngati munthu amene anangotuluka kukataya madzi.

Anandiuza kuti ndisambe m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Kenako anatenga phazi linalo la mwana n'kuyamba kulitsuka. Anapaka sopo, anatsukuluza, anapakanso, akupukuta ndi nsalu yoyera mpaka khungu linayamba kulira pansi pa chala chawo. Mwana anakuwa kuposa pobayidwa paja. Pamenepo chitseko chinagogodedwa.

"Odi! Mwana akulirayo ndi wanga!"

Anali apongozi. Pakhoma la chipindacho panali zithunzi za amayi oyamwitsa ndi mabotolo a mankhwala ngati athu aja, ndipo apongozi, ngakhale sawerenga, maso awo saphonya kanthu. Ndinayang'ana anamwino. Anandiyang'ananso n'kugwedeza mutu pang'ono. Anatsegula chitseko kampata kolowa nkhope yawo yokha, thupi lawo litatseka kwina konse.

"Ndinu agogo a vazelina?"

"Ndine agogo a mwana. Mukumutani?"

"Tikumusambitsa."

"Ndamusambitsa kale ine! Madzi a kwathu ndi akuda?"

"Madzi anu ndi abwino, agogo, koma mafuta mwathira ngati mukukazinga mandasi. Khalani pabenchi apo. Muno ndi mwa mayi ndi mwana."

"Inu muli ndi ana, amayi inu?"

"Ndili nawo, ndipo onse ali mbuu. Pabenchi, agogo."

Anatseka. Kunja ndinamva apongozi akuuza anthu a pabenchi kuti chipatala cha masiku ano chimalemba ntchito anthu osaleredwa. Wina anaseka, ndikuganiza anali mayi wa nzimbe uja.

Anamwino anavala magolovesi ena. Asanang'ambe kapepala kachiwiri anandiyang'ana.

"Makartushu atsala ochepa, ndipo panja pali ana ena. Aka kakakana, magazi tiika papepala, apita ku Tete, mudikira. Ndiye gwirani mwendo bwino, koma kartushu musakakhudze, ngakhale ndi mpweya."

Ndinagwira mwendo. Unali wofunda chifukwa cha madzi aja, woterera pang'ono ndi chinyezi, koma osati ndi mafuta. Ndinapemphera mumtima pemphero lopanda mutu, mawu amodzi okhaokha, lowani, lowani. Anabaya. Dontho loyamba analipukuta n'kulitaya. Lachiwiri linatuluka losazungulira bwino ngati poyamba paja, linkafuna kuyenderera. Anagunditsa kakamwa.

Magazi analowa ngati aitanidwa. Ndinaona kaulusi kofiira kakuthamanga m'kanjira, kanafika pokhota n'kukhota, kanakhotanso, osataikira m'mbali, osabwerera. Kanafika pa kachipinda kozungulira kaja, kachipindako kanayamba kufiira kuchokera mbali imodzi mpaka kanadzaza. Pamenepo magazi anaima okha, pamzere, ngati pali chibuma chosaoneka. Palibe amene anawakankha ndipo palibe amene anawaletsa.

"Pronto, zatheka," anatero anamwino. Anatseka kakamwa kaja, analowetsa kartushu m'makina, makinawo n'kuyamba kulira pansipansi. "Tsopano ndi ntchito ya awa. Zitenga nthawi, pafupifupi ola. Kakhaleni panja, muyamwitse. Tolani sokosi yanuyo."

Ndinatuluka. Apongozi anali atakhala pakati pa benchi, manja atapinda. Anandilanda mwana ndisanakhale n'komwe, anafunyulula bulangete n'kuyang'ana mapazi.

"Taonani. Mwana walowa akunyezimira, watuluka ngati chinangwa chouma. Ndipo amubaya uku ndi uku? Dzanja lawo linaphonya?"

"Poyamba sizinatheke, amayi."

"Akuyeza chiyani?"

"Magazi."

"Ndaona kuti ndi magazi, sindine wakhungu. Akufunamo chiyani m'magazimo?"

Ndinayang'ana pansi. Pa simenti panali nyerere zikukoka khoko la nzimbe. Mayi wa nzimbe uja anali atalowa m'chipinda china, panalibe wondithandiza.

"Amayeza ana a mwezi," ndinatero.

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana chitseko chakumapeto chija, anayang'ana amayi ena a pabenchi amene onse anali atakoka mipango mpaka pachipumi ngati ine. Ndinadikira funso lina. Silinabwere. Anamasula mfundo ya kapulana yawo, anatulutsa mbatata yowotcha imene anagula pamsewu, anaibenthula n'kundipatsa mbali yaikulu.

"Idyani. Woyamwitsa sakhala ndi njala."

Mpaka lero sindidziwa chimene anaganiza, ndipo sindinafunsepo.

Mbatatayo ndinaidya pang'ono. Ndinamutenga mwana n'kumuika kubere. Dzuwa linali litafika pakhonde, anthu akusuntha kulitsata. Chitseko chija chikatseguka, ndinkadzutsa mutu, ndiye n'kupeza kuti akuitana wina. Ndinkaganiza za kachipinda kozungulira kaja m'kati mwa makina, mumdima, magazi a mwana wanga ali m'menemo okha, akufunsidwa. Ndinkaganizanso za munthu amene anakanda tinjira tija ndi kuwala, kudziko limene sindilidziwa. Kaya ankadziwa kuti mudzadutsa magazi a mwana wa ku Tsangano, kaya kwa iye linali tsiku la ntchito chabe. Ndinamupempherera kuti dzanja lake likhale kuti silinaphonye.

Apongozi anayamba kusinza, mutu ukugwera paphewa langa. Kenako ndinamva, "Mayi a vazelina!"

Anthu anaseka. Ine ndinakhalabe pabenchi, mpaka apongozi anadzidzimuka n'kundikankha pamsana. "Pitani, akukuitanani. Kapena ndipite ine ndikawaonetse?"

Ndinalowa ndi mwana m'manja. Anamwino anatseka chitseko. M'makina munali mutatuluka kapepala kakang'ono, anakagwira m'dzanja. Sanaseke, sanachite nthabwala, ndipo ine ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Kachilombo sikanapezeke," anatero. "Mwamva? Lero mwana wanu alibe."

Ndinamva, koma thupi silinamve msanga. Ndinakhala pampando osauzidwa. Kenako misozi imene sinatuluke tsiku londiuza za ine mwini inatuluka yonse, ndi mamina omwe, ndikudziluma dzanja kuti apongozi asamve panja. Anamwino anandisiya ndilire. Anandipatsa thonje, lomwe lija lopukutira zidendene.

"Tsopano mvetserani, chifukwa ndanena kuti lero. Mwanayu akuyamwa. Mankhwala anu musadumphitse, ake musadumphitse. Bere lokha, osamupatsa phala kapena madzi mpaka titakuuzani, ngakhale agogo alankhule bwanji. Mudzabweranso akadzakula pang'ono, ndipo komaliza tidzamuyeza akadzasiya kuyamwa. Pamenepo ndiye mudzavine."

"Inde."

"Ha, zoyankha ndi mutu zija zatha. Ndipo tsiku lobwera kuno, mafuta ayi. Mudzamudzoze pobwerera, ngakhale botolo lonse."

Nditatuluka, apongozi anayang'ana maso anga ofiira.

"Akukalipirani?"

"Ayi, amayi. Ati mwana ali bwino."

"Zimenezo ndikanakuuzani ine kunyumba, osamuboola mapazi."

Anatulutsa kabotolo kaja, kamene ine sindinadziwe kuti anakatenga, anamuika mwana pamiyendo n'kuyamba kumudzoza pakhonde la chipatala pomwepo, akulambalala timabala tija mosamala, akung'ung'udza. Ndinawasiya. Ndinawagwirira chivundikiro.

Amuna anga tinawapeza kudimba, mbatata atakumba mzere umodzi wokha tsiku lonse. Anandiyang'ana ali chigwirire khasu. Amayi awo anali pomwepo, ndiye ndinangoti, "Ali bwino." Anatembenuka n'kuyamba kukumba mwamphamvu, osationetsa nkhope.

Mwanayo tsopano akukwawa, ndipo akuyamwabe. Kuyeza kwachiwiri tinapita, sikanapezekenso. Komaliza sikunafike. Mantha sanachoke, anangochepa, amakhala pambali ngati mlendo amene wazolowera nyumba. Akatsokomola ndimasiya chimene ndikuchita. Mankhwala anga ndimamwa pa nthawi yake ngakhale kukhale maliro kapena ukwati.

Pa ulendo wachiwiri uja ndinalimba mtima m'mawa, apongozi akutambasula dzanja kukhoma kuti atsitse kabotolo.

"Amayi, lero ayi. Mafuta amatseka tinjira ta magazi m'kachipangizo kawo kaja. Tidzamudzoza pobwerera."

Anaima dzanja lili m'mwamba. Chiyambire kukwatiwa ndinali ndisanawakanizepo kanthu.

"Tinjira," anatero. Anatsitsa kabotoloko, anakayang'ana, n'kukamanga pamfundo ya kapulana. "Chabwino. Koma mumuveke masokosi awiriawiri. Ndipo namwino wamkulu thupi uja ndikakamuona ndikamuyang'ana zidendene."